Mutu 8: Santiago Ramón y Cajal ndi Ntchito Yofufuza Kamangidwe ka Ubongo

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi 1.4. Ukauchotsa m'chigaza n'kuuika patebulo, suulula chilichonse. Mtima ukaung'amba umadziwiratu ntchito yake, chifukwa muli zipinda, muli timakomo totseka ndi kutseguka, muli njira zolowera ndi zotulukira magazi. Mapapo nawo sabisa kuti ndi osunga mpweya. Koma ubongo ndi chinthu chotuwa, chamakwinya, chofewa moti mpeni umangochiphwanya m'malo mochidula, ndipo ukalimbikira kuona mkati umangopeza mbali yotuwa ndi mbali yoyera. Zoti m'menemo ndi mmene mumakhala chinenero, mantha, masamu ndi njira ya kwa agogo, maso paokha sangakuuze.

Pali akatswiri amene moyo wawo wonse umathera pa chinthu chimenechi: kuchiumitsa ndi mankhwala, kuchisenga timagawo topyapyala, kutipaka utoto, n'kumasuzumira pa maikulosikopu kuti adziwe kumene kaulusi aka kakuchokera ndi kumene kakukathera. Phunziro lawo limatchedwa neuroanatomy. Lero mwana wa sekondale amanena mosaphethira kuti ubongo unamangidwa ndi maselo otchedwa manyuroni, ndipo kuyambira mu 2009, pamene Suzana Herculano-Houzel wa ku Brazil ndi anzake anawawerenga mosamala, timati alipo pafupifupi 86 biliyoni. Koma mfundo yoyambirira yeniyeniyo, yoti selo lililonse ndi loima palokha ndipo lili ndi malire ake, inavuta kuipeza, n'kuvutanso kuposa pamenepo kuti anthu aivomere. Amene anaimenyera nkhondo kwambiri anali mphunzitsi wosadziwika wa m'dziko limene panthawiyo akuluakulu a sayansi sankaliwerengera n'komwe.

Za m'khitchini ya ku Abbiategrasso

Pofika mu 1839, Matthias Schleiden ndi Theodor Schwann a ku Germany anali atanena kale kuti zomera ndi nyama zonse zinamangidwa ndi maselo. Pakhungu, pachiwindi ndi m'magazi zimenezi zinkaoneka bwinobwino. Ubongo wokha ndi umene unkakana. Utoto umene unalipo unkangoonetsa thupi la selo ndi tizitsa ta nthambi zake, kenako zonse n'kusowera m'chipwirikiti cha timaulusi topiringizana. Joseph von Gerlach, wa ku Germany komweko, anaphunzitsa kuti timaulusito timalumikizana n'kupanga ukonde umodzi wosaduka paliponse. Ambiri anamuvomereza, ndipo tisafulumire kuwaseka: ndi zida zimene anali nazo, ukondewo ndi umene unkaonekadi.

Mu 1872 dokotala wina wa ku Italy, Camillo Golgi, analandira ntchito pachipatala cha odwala matenda osachiritsika m'tauni ya Abbiategrasso, kufupi ndi Milan. Kunalibe labotale, choncho anatenga khitchini n'kuisandutsa malo ofufuzira. M'menemo, mu 1873, anatulukira njira iyi: kachidutswa ka ubongo ukaviike masiku angapo mu potassium dichromate kuti kalimbe, kenako ukasamutsire mu silver nitrate. Mankhwala awiriwa akakumana mkati mwa selo amabala timiyala takuda timene timadzaza selolo kuyambira pathupi mpaka kunsonga ya kanthambi komalizira. Chodabwitsa n'chakuti mankhwalawa amasankha. Pa maselo 100 alionse amangodetsa limodzi, atatu, mwina asanu, enawo n'kuwasiya osaoneka, ndipo mpaka lero palibe amene anafotokoza mokhutiritsa chimene chimachititsa zimenezi. Phindu lonse lagona pa kusankhako. Akanati azidetsa onse, munthu akanangoona mdima wokhawokha. Koma apa woonerayo amapeza selo limodzi lakuda bii, lathunthu ndi nthambi zake zonse, litaima pamalo achikasu owala.

Njirayi inatha zaka zoposa khumi isanafale. Inali yosadalirika, lero yagwira mawa yakana, ndipo ambiri amene anaiyesa anagwa nayo ulesi. Golgi mwiniwake, ngakhale ankaona maselo bwino kuposa wina aliyense, sanasiye kukhulupirira ukonde.

Mwana wosamva wa dokotala wa kumudzi

Santiago Ramón y Cajal anabadwa pa 1 May 1852 m'mudzi wa kumapiri wotchedwa Petilla de Aragón, kumpoto kwa Spain. Bambo ake, a Justo Ramón, anabadwira mu umphawi n'kudzikoka okha mpaka kukhala dokotala, ndipo monga amachitira anthu ambiri odzikoka okha, sankafuna kumva za masewera. Mwanayo ankafuna kukhala wojambula zithunzi. Bambowo ankaona kuti kumeneko n'kupempha njala. Sukulu inkamukana Santiago ndipo nayenso ankaikana. Ali ndi zaka 11 anapanga mzinga wake, n'kuphulitsa nawo geti la munthu wina, mpaka anagona m'chitokosi masiku angapo. Bambo ake atatopa naye anamupereka kwa wometa tsitsi kuti aphunzire ntchito yamanja, kenako kwa wosoka nsapato.

Chimene chinawayanjanitsa awiriwa ndi mafupa. Mu 1868 bambowo anatenga mwana wawo kupita naye kumanda akale kukatola mafupa a anthu oti aphunzirirepo kamangidwe ka thupi. Kwathu kuno wochita zoterozo sangagonenso m'mudzi tsiku limenelo, koma mmene zinalili kumeneko ndi mmenemo. Mnyamata amene mawu a m'buku sankamulowa anapezeka kuti fupa akalijambula kamodzi, kabowo kalikonse ndi kamphako kalikonse kamukhala m'mutu. Bambowo anaona kuti dzanja limene ankalimbana nalo lija lingathe kugwira ntchito ya udokotala, ndipo anasiya kulimbana nalo.

Anamaliza maphunziro a udokotala pa yunivesite ya Zaragoza mu 1873. Chaka chotsatira anatumizidwa ku Cuba monga dokotala wa asilikali, pa nkhondo imene anthu a pachilumbapo ankamenyera ufulu wawo. Kumeneko malungo ndi kamwazi zinamugwetsa, ndipo mu 1875 anabwerera kwawo atatsala mafupa okhaokha. Mu 1877 anapita ku Madrid kukalemba mayeso a digiri yapamwamba. Pulofesa wina kumeneko, Aureliano Maestre de San Juan, anamuonetsa timagalasi tokhala ndi timagawo ta ziwalo pa maikulosikopu. Cajal anabwerera ku Zaragoza mtima uli pomwepo. Ndalama zimene anasunga pa usilikali uja anagulira maikulosikopu yakeyake, ya mtundu wa Verick, n'kuyamba kudziphunzitsa yekha.

Apa mpofunika kudziwa mmene mpando wa upulofesa unkapezekera ku Spain. Sikunali kolemba kalata yofunsira ntchito n'kumadikira yankho kunyumba. Ofuna mpandowo ankasonkhana pamaso pa gulu la oweruza, aliyense n'kuphunzitsa poyera, kuyankha mafunso ndi kutsutsana ndi anzake, masiku angapo otsatizana, anthu akuonerera. Cajal anagwa kawiri. Ulendo woyamba anali asanapse: mafupa ndi minofu ankazidziwa kuposa anzake, koma kuyankhula mokopa ndi mfundo zatsopano za kunja zinamuperewera. Ulendo wachiwiri iye ankakhulupirira kuti wopambana anali atasankhidwa kale mpikisano usanayambe. Pakati pa zimenezi anadwala chifuwa chachikulu mpaka kutsokomola magazi. Mu 1879 anapeza kantchito koyang'anira nyumba yosungiramo zitsanzo za ziwalo za thupi ku Zaragoza, ndipo chaka chomwecho anakwatira Silveria Fañanás, anthu akumunong'oneza kuti banja pa kamalipiro kameneko limuthera maphunziro. Sizinatero. Mayiyu ndi amene ankafinya bajeti ya pakhomo kuti ndalama ya mabuku ndi mankhwala a mu labotale ipezeke, pamene ana ankabadwa mpaka kukwana asanu ndi awiri.

Kachitatu anapambana, ndipo mu 1883 anatenga mpando wa anatomy ku Valencia ali ndi zaka 31. Malipiro anali osakwanabe, moti ankaphunzitsa ophunzira apadera kunyumba kwake. Mu 1885 kolera itabuka m'derali, anafufuza za kachilombo kake n'kulemba lipoti, ndipo akuluakulu a chigawo cha Zaragoza anamuthokoza pomupatsa maikulosikopu ya Zeiss, imene inali m'gulu la zabwino kwambiri panthawiyo. Mliri ndi umene unamupatsa chida chimene malipiro ake sakanatha kugula.

Chaka cha 1888

Mu 1887 Cajal anali ku Madrid, tsopano ali woweruza pa mipikisano ija. Anakacheza kwa dokotala wa matenda a maganizo, Luis Simarro, amene anali atabwera kumene kuchokera ku Paris. Simarro anamuonetsa timagalasi ta ubongo todetsedwa ndi njira ya Golgi. Kuchokera tsiku limenelo Cajal sanafunenso kufufuza china. Chaka chomwecho anasamukira ku yunivesite ya Barcelona, ndipo ngakhale masewera a chess, amene ankawakonda mpaka kusowa nawo tulo, anawasiya.

Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Cajal anali wodekhadi pa maikulosikopu. Komatu Golgi nayenso anali wodekha. Kusiyana kwawo kunali pa chimene aliyense anasankha kuika pansi pa galasi. Cajal anayamba wakonza njirayo: ankaviika kachidutswa kawiri m'mankhwala aja kuti utoto ugwire modalirika, ndipo ankadula timagawo tokhuthalirapo kuti kaulusi katalitali kasadukire panjira. Kenako anachita chinthu chooneka chaching'ono. M'malo molimbana ndi ubongo wa munthu wamkulu, anatenga wa mbalame, wa tiana ta mbewa ndi akalulu, ndi wa anapiye amene akadali m'dzira. Mitsempha ya nyama yaikulu imakutidwa ndi mafuta oyera otchedwa myelin, amene amatchinga mankhwala a siliva, pamene ya kamwana imakhala isanakutidwe. Ndiponso nthambi zake zimakhala zikadali zazifupi. Aliyense amene analowapo m'munda wa maungu mu February akudziwa kuti sungalondole chiyangoyango chimodzi mpaka paphando pake, chifukwa zonse zalukanalukana. Wofuna kudziwa kuti mbewu iliyonse ili payokha apite mu December, zitangomera kumene.

Anayambira pa cerebellum, kaubongo kakang'ono ka kunkhongo kamene kamathandiza thupi kuyenda mwadongosolo. M'menemo muli maselo akuluakulu a nthambi zambiri, amene Jan Evangelista Purkyně anawafotokoza mu 1837 ndipo amadziwika ndi dzina lake. Cajal anaona kuti timaselo tina tapafupi timatumiza ulusi wake kwa selo la Purkyně, ulusiwo n'kugawikana, kukumbatira thupi la selolo mbali zonse, n'kuthera pomwepo. Sunkalowa mkati. Sunkasungunukira mu ukonde uliwonse. Anaonanso ulusi wina wochokera kutali ukukwera nthambi za selo lomwelo, kuzitsatira mphanda ndi mphanda, koma osasanduka chinthu chimodzi nazo. Pa nthambizo anaona timinga ting'onoting'ono tambirimbiri, timene ena ankati ndi zinyalala za siliva chabe. Iye anaumirira kuti n'tenitenidi, ndipo lero tikudziwa kuti pa timinga timeneti ndi pamene mauthenga ambiri amafikira.

Zonsezi ankazijambula pamanja, ndi pensulo ndi inki. Kamera inalipo, ndipo iye anali katswiri wake, koma kamera imangogwira zimene zili pa msinkhu umodzi wa kagawoko, pamene ulusi wa selo umakwera ndi kutsika mkati mwake. Munthu amayenera kupotoza kagudumu ka maikulosikopu pang'onopang'ono, kulondola ulusiwo ndi diso, n'kuusonkhanitsa papepala. Kujambula kotere n'kuweruza: pa malo alionse amene maulusi awiri akumana, wojambulayo amayenera kugamula ngati alumikizana kapena wina wangodutsa pamwamba pa mnzake. Zojambula zake pafupifupi 2,900 zilipobe, ndipo zina zimasindikizidwabe m'mabuku a ophunzira udokotala.

Sanali yekha pa ganizoli. Wilhelm His mu 1886 ndi August Forel mu 1887 anali atanena kale, aliyense ndi zifukwa zake, kuti maselo a mitsempha salumikizana. Panalinso mnyamata wa ku Norway, Fridtjof Nansen, amene anakaphunzira njirayi kwa Golgi ku Pavia n'kulemba zofananazo mu 1887. Koma mu 1888 Nansen ananyamuka ulendo wodutsa chipale cha Greenland, ndipo za ubongo sanazibwererenso. Ntchitoyi inkataya anthu motere. Ku Vienna, Sigmund Freud anatha zaka zisanu ndi chimodzi akufufuza maselo a mitsempha ya nsomba ndi nkhanu mu labotale ya Ernst Brücke, mpaka mu 1882 pamene Brücke yemweyo anamulangiza kuti munthu wopanda chuma, wofunanso kukwatira, akayambe kuona odwala. Cajal anatsalira, n'kuyenda ndi njira imodziyo m'diso, m'mphuno, m'mtsempha waukulu wa mumsana ndi m'mbali zonse za ubongo, ndipo kulikonse ankapeza zomwezo.

Ulendo wa ku Berlin

Kupeza chinthu ndi ntchito ina, kumvedwa ndi inanso. Mu May 1888 Cajal anayambitsa magazini yakeyake ya kafukufuku ndi ndalama za m'thumba mwake, nkhani zake n'kumalemba yekha, zithunzinso kukonza yekha. Ankasindikiza makope 60, ndipo pafupifupi onse ankawatumiza kwa maprofesa a kunja. Kunali zii. Magaziniyo inali m'Chisipanishi, ndipo sayansi ya nthawiyo inkayankhula Chijeremani ndi Chifalansa. Anamasulira zina m'Chifalansa, komabe amene anaziwerenga ankakayikira: zingatheke bwanji kuti munthu wa ku Spain aone zimene ma labotale akuluakulu a ku Germany alephera?

Ndiye mu October 1889 anatenga ndalama zimene banja linasunga, analongedza maikulosikopu yake ya Zeiss ndi bokosi la timagalasi, n'kukwera sitima kupita ku msonkhano wa akatswiri a anatomy ku Berlin. Pa nthawi ya zionetsero anayala zinthu zake patebulo, timagawo ta cerebellum, ta diso ndi ta mtsempha wa mumsana. Anthu ankangodutsa, aliyense ali kalikiliki ndi zake. Ochepa amene anaima ankamva Chifalansa chake chothyokathyoka, nkhope zawo zikuonetsa kukayika. Atatopa kudikira anapita kwa Albert von Kölliker wa ku Würzburg, nkhalamba ya zaka 72 imene mawu ake ankamveka ku Ulaya konse, n'kuikoka mpaka patebulo pake. Kölliker anawerama, anasuzumira, anasintha kagalasi, anasuzumiranso. Atabwerera kwawo anayesa yekha njira ya Cajal, anapeza zomwezo, n'kusiya poyera chiphunzitso cha ukonde. Anafika pophunzira Chisipanishi pa ukalamba wakewo kuti aziwerenga yekha zolemba za mlendoyo. Pa makope 60 aja panalibe limene linachita zimene linachita dzanja limodzi logwira mkono wa munthu woyenera. Ndipo tizinena zoona: ulemu wina pa nkhaniyi ndi wa Kölliker, chifukwa maprofesa a msinkhu umenewo amene amavomera kuti akhala akuphunzitsa zolakwika ndi owerengeka.

Mu 1891 Wilhelm Waldeyer wa ku Berlin anasonkhanitsa umboni wonsewu m'nkhani imodzi, n'kufalitsa dzina lakuti nyuroni. Iye sanawonjezerepo kafukufuku wake, koma nkhaniyo inawerengedwa kwambiri kotero kuti ena ankayesa kuti chiphunzitsocho n'chake, zimene zinkamuwawa Cajal.

Zaka za ku Barcelona zinabala zinanso ziwiri zimene zimandigometsa kuposa zoyambazo, chifukwa zinachokera pa zinthu zakufa. Mu 1890, poyang'ana mwanapiye wa masiku ochepa m'dzira, anaona kuti kunsonga kwa ulusi umene ukukula kuli kachibonga kokhala ndi tizala. Kuchokera pa timagalasi tosayenda, anagamula kuti kansongako kamayenda, kamafufuza njira, ndipo kamakokedwa ndi mankhwala ochokera kumene kakupita. Ross Harrison wa ku America anadzaona zimenezi zikuchitikadi pakati pa 1907 ndi 1910, pa maselo amoyo a chule amene anawasunga m'galasi. Chachiwiri chinali cha mayendedwe a uthenga. M'diso tikudziwa kuti uthenga umayambira kunja n'kulowera ku ubongo. Cajal anaona kuti m'menemo nthambi zazifupi, ma dendrite, zimaloza kumene uthenga ukuchokera, pamene ulusi umodzi wautali, axon, umaloza kumene ukupita. Anati ndiye kuti selo limalandira ndi nthambi, n'kutumiza ndi ulusi wautaliwo, ndipo anayamba kuika timivi pa zojambula zake. Analibe chida chilichonse choyezera magetsi a m'mitsempha, koma timivi take tambiri tinaloza kolondola. Zaka zomwezi anaika m'manda mwana wake wamkazi, Enriqueta, amene anamwalira ndi matenda oumitsa khosi.

Kuchokera apa zinthu zinayenda mofulumira. Mu 1892 anatenga mpando wa ku Madrid. Mu 1894 anaitanidwa kukayankhula ku Royal Society ku London, kumene anafikira kunyumba kwa Charles Sherrington, munthu amene mu 1897 anadzapereka dzina lakuti synapse ku malo amene manyuroni awiri amakumanirana. Buku lake lalikulu lofotokoza mitsempha ya munthu ndi ya nyama za msana linatuluka m'zigawo kuyambira 1899 mpaka 1904. Boma la Spain linadzamumangira labotale atalandira kale mphoto ya Moscow mu 1900, kunja kutayamba kumutama.

Mphoto imodzi, anthu awiri osagwirizana

Mu 1906 mphoto ya Nobel inaperekedwa kwa Golgi ndi Cajal limodzi. Anakumana koyamba ku Stockholm. Pa 11 December Golgi anaimirira kuti ayankhule, ndipo m'malo mofotokoza zimene anatulukira, anathera nthawi yake akugwetsa chiphunzitso cha manyuroni, mnzake wolandira naye mphotoyo atakhala pomwepo. Mawa lake Cajal anayankhula zake, kuyala umboni umodzi ndi umodzi.

Nkhaniyi imakonda kukambidwa ngati ya wanzeru ndi wouma mutu, koma kutero n'kumulakwira Golgi. Munthuyu ndi amene anasonyeza, m'zaka za m'ma 1880, kuti kutentha thupi kwa wodwala malungo kumabwera pa nthawi imene tizilombo tagawikana n'kuphulika m'maselo ofiira a magazi, n'chifukwa chake kumabwera modumphitsa masiku. Mu 1898 anapeza kachiwalo ka mkati mwa selo kamene kamatchedwa ndi dzina lake mpaka lero. Funso limene linkamuvutitsa linalinso lomveka: ngati ubongo ndi mabiliyoni a tinthu tosiyana, nanga bwanji munthu amadzimva kuti ndi mmodzi, ndipo thupi lonse limachitira zinthu pamodzi? Komanso pali mfundo imene ambiri amaiwala. Mpata wa pakati pa manyuroni awiri ndi wa mananomita pafupifupi 20, ndipo milimita imodzi ili ndi mananomita 1 miliyoni. Maikulosikopu yogwiritsa ntchito kuwala siingasiyanitse zinthu zoyandikana kuposa mananomita pafupifupi 200. Choncho mpatawo Golgi sanauone, Cajal nayenso sanauone. Cajal anaudziwa pophatikiza zizindikiro zambiri: mmene maulusi amathera, mmene amakulira, ndi mmene selo limodzi limafotera likavulala osatengera linzake. Unadzaoneka ndi maso chapakati pa zaka za m'ma 1950, pamene George Palade, Sanford Palay, Eduardo De Robertis ndi ena anagwiritsa ntchito maikulosikopu ya ma electron, Golgi ndi Cajal onse atamwalira. Kumapeto kwa zaka khumi zomwezo kunapezekanso kuti manyuroni ena ali ndi timabowo tolumikizana mwachindunji, todutsa magetsi, ndiye Golgi sanaphonye kotheratu.

Ophunzira ake

Pulofesa amayezedwanso ndi anthu amene anawalera. Kuyambira mu 1907 Cajal anatsogolera bungwe la boma limene linkatumiza achinyamata a ku Spain kukaphunzira kunja, ndipo mu labotale yake munatuluka akatswiri monga Jorge Francisco Tello, Nicolás Achúcarro, Fernando de Castro ndi Rafael Lorente de Nó. Komabe pali banga. Ubongo suli ndi manyuroni okha; mulinso maselo ena owathandiza, otchedwa glia. Mu 1913 Cajal anafotokoza gulu lina la timaselo timene ankati tilibe nthambi. Pío del Río Hortega, amene ankagwira ntchito m'nyumba yomweyo, anakonza njira yakeyake ya siliva n'kuonetsa kuti timaseloto tili ndi nthambi ndipo ndi mitundu iwiri yosiyana: microglia, imene anaifotokoza mu 1919 ndipo imadya zinyalala ndi tizilombo mu ubongo, ndi oligodendroglia, imene pambuyo pake inatsimikizika kuti ndiyo imapanga myelin. Mkuluyo sanakondwe. Panalinso miseche ya mu labotale, ndipo mu 1920 Río Hortega anauzidwa kuti achoke. Munthu amene anavutika kuti akulu a ku Germany amumvere analephera kumvera wamng'ono wa pakhomo pake, ndipo wamng'onoyo ndi amene analondola.

Cajal anapuma ntchito ya pa yunivesite mu 1922 koma sanasiye kulemba. Mu 1933, ali ndi zaka 81, anatulutsanso buku loteteza chiphunzitso cha manyuroni, poona kuti okhulupirira ukonde anali asanatheretu. Anamwalira ku Madrid pa 17 October 1934. Pasanathe zaka ziwiri nkhondo yapachiweniweni inabuka ku Spain, ndipo itatha mu 1939 gulu lake linali litamwazika. Tello anachotsedwa pa utsogoleri wa Instituto Cajal, malo ofufuzira otchedwa ndi dzina la mkuluyo. Río Hortega anathawira ku Paris, kenako ku Oxford, n'kukamwalirira ku Buenos Aires mu 1945. Lorente de Nó anali atapita kale ku America mu 1931.

Pali mfundo imodzi ya Cajal imene inalemera kwambiri pa amene anabwera pambuyo pake. M'buku lake la 1913 ndi 1914, lonena za kuwonongeka ndi kuphukanso kwa mitsempha, ananena kuti mu ubongo wa munthu wamkulu njira zimakhala zitakhazikika, ndipo selo likafa silibwezeretsedwa, ngakhale anasiyira asayansi a mtsogolo kuti ayese kusintha zimenezi. Anthu anagwira gawo loyambalo n'kulisandutsa lamulo. M'zaka za m'ma 1960 Joseph Altman anaona manyuroni atsopano akubadwa mu ubongo wa makoswe akuluakulu, koma ambiri sanamulabadire. M'zaka za m'ma 1980 Fernando Nottebohm anapeza zomwezo mwa mbalame zoimba, ndipo mu 1998 Peter Eriksson ndi Fred Gage anazipeza mwa anthu, m'chigawo cha hippocampus chimene chimathandiza kukumbukira. Mu 2018 gulu la Arturo Alvarez-Buylla ku San Francisco linati mwa akulu linapeza ochepa kwambiri kapena osapeza n'komwe, ndipo patangopita milungu yochepa gulu la Maura Boldrini ku New York linati linapeza ambiri. Mu 2019 María Llorens-Martín ndi anzake, ku Madrid, anaonetsa kuti ubongo ukakhalitsa m'mankhwala osungira, chizindikiro cha manyuroni aang'ono chimazimiririka, ndipo wofufuzayo amaganiza kuti palibe. Atakonza kasungidweko anawapeza ngakhale mwa anthu a zaka zoposa 80, koma ocheperapo mwa odwala Alzheimer. Mtsutsowu sunathe, ndipo mbali yake yaikulu ikukhudza maola: angati adutsa munthu atamwalira ubongo usanachotsedwe, ndiponso angati amene kachidutswako kakhala m'botolo.